Timiyala ta Fulu

Padangokhala, tili tonse pano, nyama zinagwirizana zoyala miyala yowolokera chigwembe popita kuchitsime. Gwape anayeza mipata ndi kulumpha kwake.

"Achimwene, miyendo yangayi mwaiona?" anafunsa Fulu.

"Mukadandaule kumsonkhano, mayi," anatero Gwape. Koma msonkhanowo unkachitikira kutsidya komweko.

Fulu anatsala yekha tsidya lino, akunyambita mame, akumva anzake akuseka kuchitsime. Panalibe womuyendera. M'mawa uliwonse ankagubuduza kamwala kamodzi n'kukaika pakati pa miyala ikuluikulu ija.

Tsiku lina Gwape anabinya mwendo. Anakhala m'mphepete mwa chigwembe ludzu litamugwira, anzake akungomudutsa.

Fulu anamupeza. "Dzukani, achimwene, muziponda timiyala tangati. Sindinamalize, koma totsalato tiikira limodzi."

Yathera pamenepa nthanoyi.