Tulo ta Triza

Triza anadzidzimuka n'kuyang'ana wotchi ya pamkono. Hafu faifi. Mtima unakhala pansi, popeza ntchito imayamba sikisi koloko madzulo.

Iye ndiye anali namwino yekhayo pa kachipatala ka pa esiteti ya tiyi. Mnzake anasiya ntchito mu Epulo, ndipo mabwana anali akufunafunabe wina, monga amanenera mabwana. Masiku atatu anali atagwira usana ndi usiku, maso psuu ngati tsabola. Ulendo wina anangotsala pang'ono kubaya khanda jakisoni wa munthu wamkulu. Zimenezo zinamuopsa kwambiri.

Kwawo kumalayini, kunyumba za antchito, tulo sitinkagoneka. Uyu wagogoda kuti mwana watentha thupi, uyo akufuna mankhwala a dzino, kuseriku chigayo chikulira. Ndiye anadzipezera pobisala: nyumba yakale ya kapitawo, yopanda munthu, kumapeto kwa munda wa tiyi. Sanauze aliyense. Namwino akadziwika pogona, ndiye kuti kugona kwatha.

Adokotala atamumasula thu koloko masana, anathamangira komweko, n'kumeza mapilitsi awiri a tulo. Foni inali itazima kale, magetsi atapita chidzulo.

Koma m'chipatalamo anasiyamo Jean, mtsikana wothyola tiyi, wa mimba yoyamba, magazi akuthamanga moopsa. Ambulansi inali pamiyala. Adokotala amaweruka faifi n'kukwera minibasi ya ku Boma, choncho jakisoni wa madzulo ndi onse a usiku anali m'manja mwa Triza.

"Musandisiye, asisitala," anatero Jean atamugwira diresi.

"Sikisi isanakwane ndili pano, mwana wanga. Usaope."

Tsopano atatuluka m'nyumba ya kapitawo ija anapeza nkhungu ya chiperoni itaphimba dziko lonse. Kumwamba kunali mbuu, mizere ya tiyi yosaoneka n'komwe. Anakokera juzi kukhosi n'kuyamba kuyenda. Thupi linali litapepuka modabwitsa, mutu uli myaa, miyendo ikungodziyendera. Maola atatu okha n'kupeza bwino chonchi! Kwa nthawi yoyamba chiyambire Epulo anamva kuti angathe kugwira ntchito osaopa kupha munthu, mpaka anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

M'njira anadutsana ndi amayi atabereka madengu, atafunda mapulasitiki. Anawamvera chisoni kuti mpaka mdima uno akadali kumunda. Wina anamuyang'ana n'kugwira pakamwa, koma Triza analibe nthawi ya miseche.

Pageti la chipatala panali a Amosi, mlonda, chipewa chili m'manja.

"Mwaswera bwanji, a Amosi?" anatero Triza akumwetulira. "Lero ndiye ndafulumira. Jean akupeza bwanji?"

Mkuluyo anaweramitsa mutu.

"Mwadzuka bwanji, asisitala," anayankha motsitsa mawu. "Takusakani usiku wonse, khomo ndi khomo. Jean watisiya tambala woyamba akulira, akuitanabe dzina lanu."