Mango Oundana a Abwana

Tambula yoyamba inali itasweka kale pakhoma la pabalaza. Yachiwiri inabwezedwa osakhudzidwa, ati ulusi wa mango unachuluka ngati tsache. Tsopano mufiriji munangotsala kambale kamodzi ka mango oundana. Akalakwitsanso, basi zathera pomwepo.

"Iwe mtsikana!" anakuwa mkulu wa m'nyumbamo ali pabalaza. "Mangowo ukuchita kudzala kumeneko?"

"Ndikubwera, bwana!"

Mayiyu anali ndi imvi zake m'mutu, koma m'nyumba muno dzina lake linali "iwe mtsikana". Pamkono pake panali potupa, pomwe ndodo ya mkuluyo inatera dzana atamupititsira chakudya. Anapasisita pang'ono, n'kupitiriza ntchito.

Anakhuthulira mango m'makina ogayira zipatso. Anafinyiramo ndimu, nthanga akuzitola ndi zala. Shuga pang'ono. Madzi oundana anali atayamba kusungunuka m'beseni, anangowatapa ndi manja. Chivindikiro cha makinawo chinali chong'aluka, choncho anachipsinja ndi chikhatho. Makina analira, anatsokomola, n'kukhala chete.

"Ayi, lero lokha ayi," ananong'ona.

Anagwedeza chingwe cha magetsi. Anawamenya khofi m'mbali. Makina anadzukanso monyinyirika. Zitagayika, anasefa zonse pakansalu koyera kuti ulusi ngakhale umodzi usadutse.

Kenako anasuzumira pakhomo. Mkulu uja anali atafulatira, akupukuta tebulo loyera kale. Mayiyu anapisa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa mapiritsi. Anawaika pakati pa masupuni awiri, n'kuwapera mpaka anasanduka ufa. Ufa wina unatayikira patebulo, anausesa ndi chala n'kuubwezera.

Foni inanjenjemera. Anali mng'ono wake.

"Achemwali, zatheka?"

"Sanamwe. Ino ndi tambula yomaliza."

"Mwawapera bwinobwino? Lilime lawo mukulidziwa. Akangomva kuwawa, atulukira."

"Undiphunzitsa iwe uli kutaliko? Bwera udzalawe ndodo, ndiye uziyankhula."

"Pepani, achemwali. Koma zikakanika lero, tilira ndife."

Anadula foni. Ufa uja anauthira m'mango, n'kutakasa mpaka unasowa. Analawa ndi nsonga ya lilime, n'kulavulira m'sinki. Kuwawa kunalipo, koma patali. Anawonjezera ndimu.

Anatsegula botolo la mowa wa ramu. M'mangomo sanathiremo dontho. Ananyowetsa chala n'kupaka pamlomo wa tambula kuzungulira konse, kuti mphuno ikhute fungo lilime lisanayambe mafunso. Pamwamba anakhomekapo kachidutswa ka ndimu, monga mkuluyo amafunira. Tambula inachita thukuta lozizira. Nayenso chimodzimodzi.

Anaika pathireyi n'kulowa pabalaza, akudumpha magalasi osweka aja.

Mkuluyo anali atavala malaya oyera ndi katayi kakuda, koma kumapazi analibe nsapato. Milomo yake inali youma, yong'aluka. Anayang'ana tambula ngati woweruza milandu.

"Chotsa. Ine sindimwa nthawi ino."

Chakumwa chinali chitayamba kusungunuka m'mbali.

"Si yanu, bwana. Ndi ya alendo. Ndingopereka choncho, osalawa inu?"

"Wapenga? Unaona kuti chinthu chikutuluka ine osalawa? Bweretsa kuno!"

Ananunkhiza. Anamwa pang'ono, n'kuyendetsa m'kamwa. Anakwinya nkhope. Mayiyu anayang'ana ndodo ija, inali pafupi ndi dzanja.

"Ndimu wachuluka."

"Pamwamba pokha, bwana. Pansi pali bwino. Talawani pansipo."

Anamwanso. Anapendeketsa mutu, n'kumwanso. Anapitiriza kufunafuna cholakwika mpaka tambula inauma. Kenako anatsamira mpando, maso n'kutseka. Dzanja linagwera pantchafu.

Mayiyu anagwada. Anamugwira pamkono, n'kudikira. Atakhutira, anakankhira ndodo kunsi kwa mpando, anabwerera kukhitchini n'kuimba foni.

"Amwa yonse," anatero. "Mankhwala a mtima alowa, pano agona tulo, kuchipatala sitipitanso. Ababa anaiwala kuti anapuma ntchito kubala ya kuhotela, anaiwala kuti ndine mwana wawo, koma kulawa sanaiwale. Mawa ubwere ndi mango."