Mabatire Awiri

"Amalume awaika dzulo, inu muli pano kuthamangitsa galimoto zabodza!" anakalipa Jenifa, akuponya dengu pakhonde.

Mwamuna wake Eliya anadzidzimuka. Zala zake zinali pa kagemu ka m'manja komwe mng'ono wake anamubweretsera kuchokera ku Joni, ka tigalimoto tampikisano tolira ngati nkhululu.

"Ndachita kumva kwa mayi wogulitsa usipa pa Songani, anthu akundiyang'ana! Uthenga wa maliro anaulengeza pa wailesi kawiri konse. Ife kawailesi kathu kali duu chifukwa mabatire munachotsa inu!"

"Mayi a Takondwa, tamvani kaye..."

"Ndimve chiyani? Munthu amene anandilera, ine osakaponyako ngakhale dothi!"

Anamulanda kagemuko, nachotsa mabatire ake awiri, n'kuika kagemuko pamwala. Anatola musi, ndipo unatsika katatu. Tizidutswa tinamwazika mpaka nkhuku zinathawa. Eliya anawerama n'kuyamba kutitola.

Jenifa analowa m'nyumba, natenga kawailesi kaja n'kuikamo mabatirewo. Anayatsa, koma kanali zii. Anakamenya ndi chikhatho, osalankhulabe. Atakagwedeza mwamphamvu, timadzi tadzimbiri tinadontha kumbuyo kwake n'kumudetsa chitenje.

Apo m'pamene anakumbukira chimvula cha Lolemba. Tsiku limenelo iye mwini anaiwala kawailesiko panja pathandala atatha kutsuka mbale.

Eliya anaima pakhomo, tizidutswa tili m'manja.

"Ndimafuna kukuuzani tsiku lomwelo kuti kawailesiko kafa ndi mvula," anatero motsitsa mawu, "koma ndinaopa kuti mukwiya."