Apongozi ndi Njinga za pa TV

Panali patatsala makilomita 140 kuti mpikisano uthe, ndipo Make Mapasa anali atayasamula mpaka nsagwada kuwawa.

Pa TV amuna oposa zana anali atawerama pa njinga zawo, akupalasa mothinana ngati linthumbu. Wolengeza ankanena za mphepo. Kenaka kamera inaonetsa phiri, ng'ombe zitatu ndi tchalitchi chakale. Kenaka amuna omwe aja, akupalasabe.

Pambali pake panali apongozi ake aamuna, pa mpando wawo waukulu, mapilo atawatchinga uku ndi uku, maso ali pa TV osaphethira. Sitiroko inawagwira miyezi isanu yapitayo. Inawalanda miyendo, mkono wamanja ndi mawu. Anatsala ndi maso, kubuula, ndi chala chimodzi chakumanzere.

Za njingazi zinayamba tsiku lomwe anatuluka m'chipatala. Make Mapasa ankasinthasintha matchanelo kuti awapezere chowasangalatsa, ndipo atafika pa mpikisano wa njinga mkuluyo anabuula mwamphamvu, chala chikugogoda pa mpando. Mwamuna wake, dalaivala wa thiraki, anaseka mpaka misozi. Anati panalibe chodabwitsa, bambo ake anaperekera makalata pa njinga zaka makumi atatu, pamvula ndi padzuwa, ndipo njinga inawalowa m'magazi. Anati tchanelo chimenecho chisasinthidwenso. M'mawa mwake ananyamuka ulendo wa milungu itatu, lamulo lake n'kutsala pabalaza.

Tchanelocho sichinkatopa. Mpikisano ukatha chinkabwereza wadzulo, wadzulo ukatha chinkafukula wa chaka chatha. Make Mapasa kuchokapo sakanatha, poti anamwino anachenjeza kuti wodwalayo akhoza kutsamwa ndi malovu ake omwe munthu atangotembenuka. Mapasa akapita kusukulu ankatsala awiriwiri, mawindo otseka kuopa kuti mphepo ingawapatse chifuwa. Makina ake osokera anali kuchipinda, atavindikiridwa ndi nsalu. Makasitomala anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Mkwatibwi wina anatenga yake osapereka ndi moni yemwe.

Mpira ndi bwino, ankatero mumtima, uli ndi zigoli ndipo umatha. Koma izi, maola asanu athunthu anthu akungoonetsa misana, kuti adzathamange zenizeni kamphindi kamodzi kothera. Ndani anaona munthu akukhalira pansi kuonerera anzake akupita ulendo?

Tsiku lina anayesa. Anatambasula dzanja mwakachetechete n'kugwira rimoti. Apongozi anabuula kuposa kale lonse, chala chikugogoda ngati munthu wothamangitsidwa ali pachitseko. Anaitaya rimotiyo msanga, n'kupepesa atagwada. Misozi inatsika m'masaya mwa mkuluyo. Iye anaipukuta ndi kansalu, akudzitukwana chamumtima kuti anafuna kulanda munthu wodwala kanthu kamodzi kamene kanamutsalira.

Kuyambira pamenepo anadzikakamiza kuphunzira. Anadziwa chifukwa chake amabisalirana mphepo, ndi chifukwa chake ena amangonyamulira anzawo madzi. Ankawafotokozera apongozi zonsezi mokweza, kuti aone kuti ali nawo limodzi. Kamodzi kokha mtima unamugunda: wopalasa wina anathawa yekha kuyambira m'mawa, gulu lonse likumulondola, n'kumumeza patangotsala mikono yochepa kuti afike. Nkhope ya munthuyo Make Mapasa anaimvetsa.

Koma kupirira kuli ndi polekezera. Anayamba kupempherera kuti magetsi azime. Masana ena anadzigwira akuganiza choipa kuposa pamenepo, ndipo anachita mantha ndi mtima wake womwe. Anatsimikiza kuti mwamuna wake akangobwera amuuza mosapita m'mbali: awatengere bambo ake kwa abale ake ena, apo ayi iye alongedza. Anadziwa kuti achibale amunena kuti ndi mkazi wouma mtima, wothamangitsa wodwala chifukwa cha TV. Anavomereza kunenedwako.

Tsiku la mpikisano uja, patatsala makilomita 90, kunja kunamveka odi. Anali dokotala wa mafizo amene ankabwera Lachinayi lililonse kudzawongola ziwalo za wodwalayo. Ulendo uno anabwera ndi katoni yolembedwa zilembo zikuluzikulu. Anati chala chija chalimba mokwanira, ayese ngati angamaloze zilembo n'kupanga mawu. Anampatsa Make Mapasa cholembera ndi pepala kuti azilemba chilembo chilichonse chimene chalozedwa.

Chala chinayenda pang'onopang'ono. Chinkaima, n'kubwerera, n'kuyambanso. Thukuta linatuluka pamphumi pa mkuluyo. Make Mapasa ankayembekeza dzina la mwana wawo, kapena madzi, kapena pamene pakuwawa. Chala chitapuma anawerenga zimene analemba.

ZIMITSANI.

Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana TV, n'kugwada pafupi ndi mpando.

"Bambo, si njinga zanu izi? Zija mumazikonda?"

Chala chinayambanso ulendo wake, ndipo ulendo uno sichinabwerere ndi kamodzi komwe.

MIYEZI ISANU NDIKUPEMPHA.

Make Mapasa anati sizingatheke, maso awo sankachoka pa TV ngakhale kamphindi. Dokotalayo anagwira khosi la wodwalayo mofatsa.

"Khosili silitembenuka, mayi. Amayang'ana kumene mwalozetsa mpando."