Wailesi ya a Hidenori

Masiku 49 a maliro atatha, ndinanyamula wailesi ya ma CD ya amuna anga, a Hidenori, kukayitaya kuzinyalala kunja kutada.

Zaka makumi atatu ankangoyitsegula m'mimba, kuchotsa tizipangizo, kuwotcherera tina, akuti amve ngakhale kupuma kwa woyimba. Kupuma kwangaku ndiye kunkawasokoneza. Ndikangotsokomola ankati, "Takhala chete, Tomie, ndikumvetsera."

M'njira ndinayamba kuyimba chapansipansi kanyimbo ka kwathu ku Tottori, koyamba chikwatiwireni. Mawu anga anali akadalipo ndithu.

Kenako wailesi ija inayamba kufunda pachifuwa panga. Ndinamva fungo la mtovu wosungunuka, uja ankawotcherera tizipangizo. Chingwe chake cha magetsi chinkangolendewera.

Ndinasiya kuyimba.

"Eya, choncho," anatero mawu awo aja pafupi ndi khutu langa. "Tsopano zikumveka bwino."