Mphasa Pansi pa Mango

"Manda a abambo ako udzalambula liti, Laston?" anakalipa Belita. "Unalonjeza chaka chomwe a boma anatisamutsa pano!"

Mwana wakeyo ankaperekeza azungu odzaona malo. Manda a amishoni ku Bandawe anali atawaonetsa kale, dzina ndi dzina. Tsopano anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango kuti adye.

"Ama, chete," ananong'ona Laston. "Dalaivalayu ngwachipani."

Mzungu wina anafunsa kanthu, dalaivala n'kumwetulira.

"Akuti pamalo okongola chonchi panakhalapo mudzi? Ayankhe, mnyamata," anatero dalaivalayo.

Laston anapukusa mutu.

Belita anasenza dengu lake la usipa.

"Wandiyankha ndi ine ndemwe. Koma uwauze asunthe mphasayo. Akhalira kumutu kwa abambo ako."