Ulusi Wofiira

Foni ya Serwaa inali pa tebulo la atelala, a Boakye. Pa foniyo, pulogalamu ya podikasiti inkasimba za Takyi, yemwe watha zaka khumi m'ndende pa mlandu wakupha.

"Anapha basi," anatero Serwaa. "Mboni inaona wothawayo atavala malaya ofiira."

"Iwenso! Mu Kumasi monse muno malaya ofiira ndi a Takyi yekha?" mnzake Dufie anamutsutsa.

Mboniyo inali a Boakye omwewo. Anatenga ulusi m'bokosi lomwe malemu akazi awo ankawasankhiramo masiku onse.

"Bambo, ndati wofiira," anatero Serwaa. "Diresi mukundisokerali ndi la kumaliro, ndipo kuno kumaliro timavala zofiira."

"Si umenewu?"

Atsikanawo anaphulika kuseka.

"Umenewotu ndi wobiriwira ngati tsamba!"

A Boakye anauyang'anitsitsa ulusiwo. Mtundu wake unali ndendende wa malaya a wothawa uja, amene iwo anachitira umboni kuti anali ofiira.